Makaroni a nyama ya ng'ombe ndi msuzi wa mkaka m'mphindi 30

Munthu akaweruka kuntchito n'kufika pakhomo dzuwa litalowa, nyemba kapena nyama ya mafupa sizingapse ana asanayambe kuwodzera. Makaroni ophika ndi nyama yogaya mu msuzi wa mkaka amapsa m'mphindi 30, ndipo safuna ndiwo ina yapadera. Amene anayesapo n'kugwa ulesi amadandaula zinthu ziwiri: nyama imatuluka yotuwa ndi yozizira kukamwa, kapena msuzi umadukaduka n'kusanduka timibulu toyera tosambira m'madzi. Zonse ziwirizi gwero lake ndi moto, komanso kuthira zinthu nthawi yake isanakwane.

Muyeso tikupereka panowu ndi wa anthu asanu. Kapu tikunenayi ndi ya mamililita 250, supuni yaikulu ndi ya mamililita 15, yaing'ono ya mamililita 5. Mufunika magalamu 400 a makaroni, theka la kilogalamu ya nyama ya ng'ombe yogaya, anyezi mmodzi wamkulu, njere zitatu za adyo, tomato awiri akupsa, masupuni aakulu awiri a tomato wolimba wa m'kachitini uja, masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira, makapu awiri a mkaka ndi masupuni aakulu awiri a fulawa. Ngati mwapeza kirimu, kapu imodzi ikwana, ndipo mkaka ndi fulawayo musiye. Mchere, tsabola wakuda ndi tchizi tidzazitchula pomwe zikulowa. Ngati pakhomo pali anyamata odya kwambiri, thirani paketi yonse ya magalamu 500 n'kuwonjezera theka la kapu ya mkaka.

Sankhani makaroni aafupi, opindika kapena amphako monga penne. Nyama yogaya imalowa m'mphakomo. Supageti amathekanso, koma nyama imatsetsereka n'kukathera pansi pa poto, womaliza kugawiridwa ndiye amaidya yonse.

Nyama yake

Kubutchala, sankhani nyama nokha ndipo aigaye mukuona. Ikhale ndi mafuta pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi. Ya mnofu wokhawokha imauma pokazinga, pomwe yonona kwambiri imasiya mafuta akuyandama pamwamba pa msuzi. Kumene kulibe makina ogayira, gulani mnofu wofewa, muudule timizere topyapyala mopingasa ndi ulusi wa nyamayo, ndipo mukazinge mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Nyama ya pamsongolo kapena yamitsempha siyenera pano, imafuna kupitirira ola ndi theka pamoto.

Nyama yogaya musamaitsuke. Madzi amaiteketsa n'kuilepheretsa kufiira, ndipo amene akudontha amamwaza tizilombo pa mbale ndi pa thabwa lodulirapo. Mufiriji imakhala tsiku limodzi kapena awiri basi. Yoti ikhalitse muiike m'thumba lapulasitiki, muiphwathalitse mpaka ipyapyale ngati sentimita imodzi kapena awiri, kenako muiumitse m'chigawo cha ayezi cha firiji. Yophwathalalayo imasungunuka msanga mukaitsitsira m'munsi mwa firiji m'mawa popita kuntchito.

Madzi ayambe, nyama itsatire

Chinthu chochedwa kwambiri pa ntchito yonseyi ndi kuwira kwa madzi, choncho mukangolowa m'khitchini tekani malita atatu m'poto wamkulu, vundikirani, muike pamoto. Ketulo ya magetsi ikakhalapo wiritsirani mmenemo. Madziwo akutentha, dulani anyezi, adyo ndi tomato.

Tenthetsani chiwaya chotakata kaye chisanalandire kanthu, thirani mafuta, ndipo akayamba kunyezimira ikani nyama moiyala. Ndiye isiyeni. Mphindi zitatu zathunthu musaikhudze ndi mthiko. Apa ndi pamene ophika ambiri amalephera kudziletsa, chifukwa dzanja linazolowera kutakasa. Nyama yaiwisi ili ndi madzi ochuluka kuposa theka la kulemera kwake. Mukaiunjika m'chiwaya chaching'ono kapena kuivundula msanga, madzi onsewo amatuluka nthawi imodzi n'kudikha pansi, ndipo malinga ngati pali madzi, kutentha sikungapitirire madigiri 100. Kufiira kumene kumabweretsa fungo ndi kukoma kwa nyama yokazinga kumayamba bwino cha m'madigiri 140. Ndiye nyama yodikha m'madzi ake imangowira n'kutuwa. Chiwaya chikachepa, kazingani theka, muchotse, mukazingenso theka linalo. Mphindi zinayi zowonjezerazo sizipita pachabe.

Madziwo akatuluka kale, musawataye, chifukwa kukoma kuli momwemo. Kolezani moto, chiwaya chikhale chosavundikira, mudikire aume. Khutu lidzakuuzani: phokoso limasintha kuchoka pa kubwata kupita pa kuthetheka, ndipo pamenepo kukazinga kwayamba. Tembenuzani, phwanyani nyamayo ndi mthiko, thirani supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Pansi pa chiwaya pamatsala zofiirira zomatirira ngati nkhoko za m'poto wa nsima. Zimenezo ndiye mwini msuzi, ndipo tizisungunula posachedwa. Zikada bii ndiye kuti zapserera ndipo zidzawawitsa chakudya chonse. Bola kusamutsira nyama m'poto wina. Mafuta akachuluka, tapaniko ndi supuni musiye okwana masupuni aakulu awiri.

Chepetsani moto pang'ono. Anyezi alowe akazingike mphindi zinayi, adyo atsatire kwa theka la mphindi, pakuti sachedwa kupserera. Kenako tomato wa m'kachitini, mumukazinge mphindi ziwiri mpaka mtundu wake uderepo ndipo fungo lachiwisi lichoke. Tomato wodulayo alowe pomaliza, aphikike mpaka madzi ake aume.

Msuzi wosadukaduka

Wazani fulawa pamwamba pa nyama, mutakase mphindi imodzi kapena ziwiri kuti agwirane ndi mafuta. Fulawa wokutidwa ndi mafuta sachita mibulu, ndipo kumukazingako kumachotsa fungo la ufa wauwisi. Tungani theka la kapu ya madzi otentha m'poto wa makaroni, thirani, mupale pansi pa chiwaya mpaka zofiirira zija zisungunuke.

Tsopano tsitsani moto kwambiri musanatsegule mkaka. Thirani mkakawo katatu, mukutakasa, ndipo gawo lililonse lilowerere musanathire lotsatira. Usiyeni msuziwo uzingowira pang'onopang'ono kwa mphindi zinayi kapena zisanu. Wapsa pamene ukumatirira kumbuyo kwa supuni, ndipo mukadutsitsapo chala mzerewo sukutsekeka msanga.

Mkaka umadukaduka chifukwa mapuloteni ake amagwirana akakumana ndi zowawasa pa moto waukulu, ndipo tomato ndi wowawasa. N'chifukwa chake tikuti tomato aphikike kaye, fulawa alowe mkaka usanafike, ndipo moto utsike. Sitachi ya mu fulawa imatchinga mapuloteniwo kuti asagwirane, ndipo mafuta amachitanso chimodzimodzi. Kirimu wa mafuta opitirira magawo 30 pa 100 amapirira ngakhale atawira, mkaka wosachotsa mafuta umapirira ukakhala ndi fulawa, koma wochotsa mafuta uja ndiye suchedwa kuduka, ndipo sitikuulimbikitsa pa chakudya ichi. Mkaka wa ufa umagwira bwino ntchito: sungunulani masupuni aakulu anayi m'kapu iliyonse ya madzi ofunda musanathire. Ufa woyera wothira mu tiyi ndi khofi monga Cremora si mkaka, ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera, ndipo umatsekemeretsa msuzi.

Chambiko kapena yogati wosatsekemera zimakometsa msuziwu, koma n'zowawasa kale, ndiye siziyenera kuwira. Phulani poto kaye. Ikani masupuni aakulu anayi a chambiko m'kapu, muthiremo msuzi wotentha pang'ono, musakanize, kenako mubwezere zonse m'poto. Mkaka wogula kwa mlimi uwiritsidwe pawokha kaye chifukwa cha matenda monga chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Mukaukayikira kuti wayamba kusasa, tenthetsani masupuni awiri m'kapoto; ukagwirana, musauthire mu nyama.

Msuzi ukaduka ngakhale mwasamala, uchotseni pamoto nthawi yomweyo. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya cornflour (sitachi ya chimanga yosalala ya m'sitolo) m'masupuni atatu a mkaka wozizira, thirani, mutakase mwamphamvu, mubwezere pa moto wochepa. Sudzasalala ngati poyamba koma udzagwirana, ndipo ngati mkaka unali wabwino palibe choopsa kudya. Mukakumbukira fulawa mkaka utalowa kale, musamuwaze wouma; msungunuleni mu mkaka wozizira kaye. Ufa wa nsima musaulowetse m'malo mwa fulawa, umasiya msuzi wa mchengamchenga.

Makaroni

Madzi akabwata, thirani supuni yaikulu imodzi ndi theka ya mchere, kenako makaroni. Nthawi yabwino yowathira ndi pamene fulawa akulowa m'chiwaya, kuti zonse zipsere limodzi. Takasani kawiri m'mphindi ziwiri zoyambirira, pakuti ndi pamene amamatana. Mafuta m'madzimo n'kungowononga, amayandama pamwamba osakhudza makaroni.

Paphulidwe, chotsani mphindi ziwiri pa nthawi yolembedwa papaketi, chifukwa akamalizira kupsa mu msuzi. Koma paketi musaikhulupirire kuposa mano anu. Kumalo okwera madzi amawira asanafike madigiri 100: ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amawira cha pa madigiri 95, ndipo ku Johannesburg n'chimodzimodzi, choncho makaroni amachedwerapo ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Lumani limodzi. Likhale lofewa kunja, koma pakati pakhale kadontho koyera kolimbirako.

Musanakhuthule, tungani kapu imodzi ya madzi ophikirawo muike pambali. Madzi otuwawo ali ndi sitachi yomwe imamatiritsa msuzi ku makaroni. Pa chifukwa chomwecho musatsuke makaroni ndi madzi ozizira monga ambiri anazolowera. Achoke mu sefa n'kulowa mu msuzi ali otentha, mutakase pa moto wochepa mphindi imodzi kapena ziwiri, mukuthira madzi aja pang'onopang'ono. Phulani msuzi ukadali wamadzimadzi kuposa mmene mukuufunira, chifukwa pofika patebulo makaroni amakhala atamwa wina. Tchizi, kwa amene ali nacho, magalamu 80 mpaka 100 a cheddar kapena gouda chopala, chilowe poto ataphulidwa. Pa moto waukulu chimatulutsa mafuta n'kusanduka ulimbo. Lawani mchere tchizi chitalowa, ndipo tsabola wakuda athiridwe pamenepo. Kambuzi aliyense adziikire m'mbale yake, ana asavutike.

Mbaula ikakhala imodzi

Magetsi akazima kapena chophikira chikakhala chimodzi, phikani zonse m'poto mmodzi wokhuthala pansi. Kazingani nyama makala akadali aukali, mutsatire ndi anyezi, adyo ndi tomato monga tafotokozera, koma fulawa asiyidwe. Thirani makaroni ouma ndi makapu atatu ndi theka a madzi otentha, vundikirani, ndipo muzitakasa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse mukupala pansi. Amapsa m'mphindi 10 mpaka 13. Madzi akauma makaroni asanafewe, onjezerani theka la kapu ya otentha. Popeza palibe madzi okhuthula, sitachi yonse imatsala m'poto n'kulimbitsa msuzi yokha, ndipo mchere wonse umatsalanso momwemo, ndiye musapitirire supuni yaing'ono imodzi ndi theka pa poto yense. Mkaka, kapu imodzi yokha, ulowe kumapeto. Makala akakhala akadali aukali, phulaniko ena ndi mbaniro kapena tsitsani poto pansi, kutentha kwa poto yekhayo kukwana.

Nyama ikachepa, magalamu 250 osakaniza ndi kapu imodzi ya soya pisi amakwanabe anthu asanu. Viikani soyayo mphindi 10, mufinye kwambiri, mukazinge pamodzi ndi nyama. Karoti wopala ndi tsabola wobiriwira alowe ndi anyezi. Repu, chinese kapena sipinachi wodula bwino alowe mphindi zitatu zomaliza. Mpiru umawawirako mu mkaka, ndi bwino kuuphika padera. Mukaponyamo kachidutswa ka Knorr kapena Royco, chepetsani mchere ndi theka.

Kupsa kwa nyama ndi zotsala

Pogaya, tizilombo timene tinali pamwamba pa nyama timalowa mkati monse, choncho nyama yogaya siyenera kudyedwa yofiira pakati. Iyenera kufika madigiri 71. Yokazinga bwino n'kuwiranso mu msuzi mphindi zisanu imakhala itapitirira pamenepo, bola zibuma zikuluzikulu muziphwanye.

Chakudya cha nyama ndi mkaka sichichedwa kuwonongeka. Chotsala chilowe mufiriji pasanathe maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, monga mu October ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pasanathe ola limodzi. Chiikeni m'chidebe chosazama kuti chizizire msanga, ndipo chidyedwe pasanathe masiku atatu. Kumene kulibe firiji, kapena magetsi akuzimazima, phikani chokwanira usiku womwewo. Potenthetsa, thirani masupuni aakulu atatu a mkaka kapena madzi pa mbale iliyonse, moto ukhale wochepa, mutakase mpaka nthunzi ituluke pena paliponse, ndipo mutenthetse kamodzi kokha.

Wofuna kuchepetsanso nthawi akazinge kilogalamu yathunthu ya nyama Lamlungu, pamodzi ndi anyezi, adyo ndi tomato, n'kulekezera pamenepo fulawa ndi mkaka zisanalowe. Agawe pawiri, gawo limodzi mufiriji loti liphikidwe pofika Lachitatu, linalo aliumitse. Msuzi wothira kale mkaka suumitsidwa bwino, umalekana ndi madzi posungunuka. Tsiku lophika, madzi a makaroni akuwira, tenthetsani nyamayo ndi supuni ya mafuta, wazani fulawa, mupitirize kuyambira pamenepo. Zonse zimatha m'mphindi 15 mpaka 20.