Momwe mungasokere shift, chovala chamkati cha amayi a ku England a m'zaka za m'ma 1700

Ku Colonial Williamsburg, m'chigawo cha Virginia ku America, anthu amavala ngati a m'zaka za m'ma 1700 kuti alendo aone moyo wa nthawiyo, pomwe derali linali pansi pa ulamuliro wa Angelezi. Mayi akamavala kumeneko amayamba ndi shift, kadiresi koyera kokhudza khungu. Pamwamba pake pamabwera stays, chomangira pachifuwa cholimba chomwe sichinkachapidwa, choncho thukuta lonse linkathera mu shift.

Gulani bafuta woyera wopyapyala, pafupifupi mamita 3. Muchape ndi kumusita musanamuyandikize sizasi, chifukwa bafuta amafupika akalowa m'madzi koyamba.

Thupi lake ndi nsalu imodzi yaitali. Yezani kuchokera paphewa mpaka pakati pa katumba wa mwendo, muwirikize kawiri, m'lifupi mukhale masentimita 75 kapena 80. Ipindeni pakati, popindapo ndiye pamapewa, ndipo sipakhala msoko.

Nsalu inali yodula, ndiye osoka a nthawiyo sankafuna kutaya ngakhale kachidutswa. Dulani tizidutswa ta makona atatu m'mbali, kuyambira paphewa kutsetsereka mpaka cha m'chiuno. Titembenuzeni, kosongoka kuloze m'mwamba, mutisokerere kumunsi kwa mbali zomwezo. Zomwe mwachotsa kumtunda ndizo zikukulitsa kumunsi kuti mwendo uziponyedwa bwino.

Mikono ndi nsalu ziwiri za makona anayi zofika pachigongono. Tsono pali kanthu kamene ambiri amakadumpha: kansalu kofanana mbali zonse, masentimita 12 kapena 13, kolowa m'khwapa. Sokani mbali imodzi ya kansaluko kumphepete kwa mkono, kumtunda kwake, kenako mbali yoyandikana nayo kumphepete kwinako, kapindike mopingasa. Ine ulendo woyamba ndinati n'kachabechabe, ndinakasiya. Wovalayo atangokweza dzanja kuti amange tsitsi, tinangomva kuti kwee! m'khwapa.

Mukatero lumikizani mikono kuthupi, mutseke m'mbali. Msoko uliwonse muuphimbe: chepetsani mlomo umodzi, winawo muupindire pamwamba pake, muugoneke ndi timisoko tating'ono. Ukatero sukanda khungu ndipo suyoyoka pochapa. Ulusi muziyamba mwaupaka phula la njuchi kuti usamapotane.

Makina osokera anafala m'zaka za m'ma 1850, ndiye ngati chovalacho anthu adzachione pafupi, gwirani singano. Ngati n'cha sewero la pasiteji, misoko yamkati pitani nayo pamakina, palibe adzakufunseni. Koma lasitiki ndi zipi ayi.

Khosi mudule pomaliza. Boolani kaye pang'ono poti mutu ulowe, mwini wake avale shift ndi stays pamwamba, inu mujambule ndi choko motsata m'mphepete mwa stays, kuti bafuta azingosuzumira pang'ono. Dulani mocheperako kaye, popeza khosi likakula silibwerera. Pindani kampendero kopyapyala pakhosipo, pamikono ndi pansi.