Kumasulira Mayina a Madigiri a ku Russia m'Chingerezi

Mukapatsidwa satifiketi ya yunivesite ya ku Russia kuti muimasulire m'Chingerezi, yambani mwazindikira mlingo wa maphunzirowo, chifukwa kumasulira liwu ndi liwu kungatsitse kapena kukweza mwini wake mosayenera. Digiri ya kandidat nauk, imene munthu amalandira akateteza kafukufuku wake pamaso pa akatswiri, nthawi zambiri imayerekezeredwa ndi PhD. Ngakhale zili choncho, lembani Candidate of Sciences. Koma doktor nauk ndi yapamwamba kuposa pamenepo, ndipo kuitcha PhD n'kulakwira munthu amene wathera zaka zochuluka pa kafukufuku.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa dipuloma ya spetsialist, yomwe imatenga zaka zosachepera 5. Ngakhale Russia inalowa m'dongosolo la Bologna (lofananitsa madigiri a mayiko a ku Ulaya) mu 2003 n'kufalitsa bakalavr (Bachelor's) ya zaka 4 ndi magistr (Master's) ya zaka 2, dipulomayi siinathe, makamaka m'maphunziro a udokotala wa zachipatala. Ine ndimaona kuti kulemba Specialist Diploma n'kwabwino kusiyana ndi Master's, popeza kugamula kufanana kwa madigiri ndi ntchito ya bungwe loona ziyeneretso, osati womasulira.

Pa magiredi, kumbukirani kuti 5 ndiye wapamwamba, ndipo zachteno amangotanthauza kuti wophunzira wakhoza, choncho lembani Pass.