Kupeza nambala yaikulu ma int ndi ma float akasakanikirana mu Python

Anzanga amene mukuphunzira Python, nkhaniyi ndaitenga pa kapulogalamu kamene ndinalembera azakhali anga ali ndi shopu ku Kamwala. Kantchito kake kanali kochepa chabe, kuona tsiku limene agulitsa kwambiri pa mwezi. Manje mitengo ina analemba 250, ina 249.50, ndiye ma int (manambala athunthu) ndi ma float (manambala a kadontho) ali mu list imodzi. Vuto la max, fankishoni ya Python yopeza nambala yaikulu, ndi lakuti nthawi zambiri sidandaula, imangokupatsa yankho olo likhale lolakwika, iwe nkumakhulupirira.

Yambani ndi kuona ngati zimene muli nazozo ndi manambaladi. Zochokera mu fayilo ya CSV zimabwera ngati string, kutanthauza zilembo osati manambala, ndipo max("9", "10") imabweza "9" chifukwa ikuyerekeza zilembo, 9 imaposa 1 basi yathera pomwepo. Zisintheni kaye musanapite patali.

Kenako pali mtengo woyambira. Ambiri tikamalemba lupu yathuyathu timayamba ndi yaikulu = 0, zimayenda bwino mpaka mwezi umene masiku onse shopu yaluza, -40, -12.5, -300. Pulogalamu idzati yaikulu ndi 0 pamene 0 mulibemo nkomwe, yankho loona ndi -12.5. Yambani ndi nambala yoyamba ya mu list kapena -math.inf. Ndipo chonde musatenge sys.float_info.min poganiza kuti ndiye nambala yotsikitsitsa, ayi, iyo ndi kanambala kakang'ono kwambiri koma ka pamwamba pa ziro, pafupifupi 2.2e-308. DBL_MIN ya mu C ndi chimodzimodzi, Double.MIN_VALUE ya Java nayonso ili pamwamba pa ziro. Dzina ndi limene limapusitsa anthu.

List yopanda kanthu imagwetsa pulogalamu ndi ValueError. Kuyambira Python 3.4 mutha kulemba max(malonda, default=None), ine ndimakonda None kusiyana ndi 0 chifukwa tsiku limene shopu sinatsegule si tsiku limene anagulitsa ziro.

Nanga ziwiri zikafanana? max(5, 5.0) imabweza 5, koma max(5.0, 5) imabweza 5.0, imene yayamba kupezeka ndi imene imatuluka. Zimaoneka zazing'ono koma mukatenga yankholo nkuliika mu range kapena kutolera nalo chinthu mu list mudzalandira TypeError, poti range salandira float olo ikhale 5.0 yeniyeni. Choipa ndi chakuti lero ziyenda, mawa data yasintha malo zagwa.

Apa pa malire ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Tinene kuti mukufuna nambala yathunthu yaikulu pakati pa 2.5 ndi 9.7. Yankho ndi 9, ndipo int(9.7) ndi math.floor(9.7) zonse zikupatsani 9, mpaka munthu nkuganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Yesani pamene malire a pamwamba ndi -2.5 muone. int imangodula za kuseri kwa kadontho nkupereka -2, koma -2 ndi yaikulu kuposa -2.5, ndiye kuti mwatuluka kale kunja kwa mpanda. floor imapereka -3, ndiye yolondola. Funso lina limene muyenera kudzifunsa musanalembe chilichonse, kodi malire a pamwambawo akuwerengedwa nawo kapena ayi? range(1, 10) imathera pa 9. Ngati malire ndi 10.0 ndipo sakuwerengedwa, floor ikupatsani 10 imene simukuifuna, apo gwiritsani math.ceil(malire) - 1, imagwira pa 10.0 komanso pa 9.7, konse ipereka 9. Pomaliza onetsetsani kuti yankholo silinatsike kupitirira malire a pansi, chifukwa pakati pa 2.2 ndi 2.8 palibe nambala yathunthu ngakhale imodzi, floor ipereka 2 mosangalala koma 2 ali kunja.

Ma step a float nawonso samalani nawo. 0.1 + 0.2 pa kompyuta ndi 0.30000000000000004, osati 0.3, chifukwa float imasungidwa mu binary motsatira IEEE 754 ya 1985 ndipo 0.1 siikwanamo ndendende. Nchifukwa chake mu NumPy, laibulale ya Python ya manambala, numpy.arange(1, 1.3, 0.1) imatha kukutulutsirani manambala 4, yomaliza ili cha pa 1.3, pamene mumayembekezera kuti ithera pa 1.2. Mukadziwa kuti mukufuna manambala angati gwiritsani numpy.linspace. Pa ndalama ine float sindiifuna nkomwe, ndimasunga zonse mu ngwee ngati int, K249.50 ikhale 24950, kugawa ndi 100 ndi pa kuonetsa pokha. Decimal, mtundu wa nambala wa Python wosunga za kuseri kwa kadontho ndendende, nayo ndi yabwino bola muipatse string.

Tsopano NaN (Not a Number, kutanthauza kuti si nambala), imene inandivutitsa kwenikweni usiku wina magetsi atapita ndikuthamangitsana ndi batire ya laputopu. Azakhali anasiya malo ena osalemba, ndipo pandas, laibulale ya Python ya ma data, powerenga fayilo imaika NaN pa malo opanda kanthu. NaN ukaiyerekeza ndi chilichonse yankho ndi False (kupatula pa !=), siikulu, siing'ono, siifanana ngakhale ndi iyo yomwe. Ndiye max(math.nan, 5) imabweza nan, koma max(5, math.nan) imabweza 5. Data yomweyo, mayankho awiri, kungotengera imene yakhala kutsogolo. Sefani kaye ndi math.isnan musanaitane max. Ku NumPy, numpy.max imabweza nan ikangopeza imodzi, numpy.nanmax ndi imene imailumpha. Koma musangolumpha mwakachetechete, werengani kuti zalumphidwa zingati muuze mwini wake, mwina tsiku losalembedwalo ndi lomwe anagulitsa kwambiri.

Chotsala ndi manambala akuluakulu, monga ma ID aatali a ma transaction. Float ili ndi ma bit 53 osungira nambala, ndiye kupitirira 9007199254740992 imayamba kudumpha ena. float(9007199254740993) imabwerera ngati 9007199254740992.0, imodzi ija yasowa. Python payokha imayerekeza int ndi float molondola osataya kanthu, apo ndimaiyamikira, koma mukangoziponya mu numpy.array limodzi ndi 1.5 zonse zimasanduka float64 ndipo yaikulu imene mutapeze si imene munaikamo. Amene muli pa JavaScript malire anu ndi Number.MAX_SAFE_INTEGER, 9007199254740991, kupitirira apo tengani BigInt, mtundu wa manambala athunthu aatali, koma dziwani kuti Math.max sailandira, muyerekeze nokha ndi chizindikiro cha >.

Mukamaliza kulemba fankishoni yanu iyeseni ndi list yopanda kanthu, ya manegativu okhaokha, ya 5 ndi 5.0, ya malire a 2.2 ndi 2.8, ndi ina yokhala ndi NaN. Ya NaN-yo muiyese kawiri, koyamba NaN ili kutsogolo kenako ili kumapeto, mayankho akasiyana ndiye kuti sefa yanu sikugwira.