Momwe mungasankhire makapasita a pedal ya gitala yopanga nokha

Pedal ndi kabokosi koponda ndi phazi komwe kamasintha mawu a gitala. Musanagule kanthu, onani pa dayagiramu pomwe kapasita iliyonse yakhala, chifukwa malo ake ndiwo amakuuzani mtundu wofunika.

Pomwe mawu a gitala akudutsa, kuyambira 1nF mpaka 1µF (pF, nF ndi µF ndi miyezo ya kukula kwa kapasita), ikani ya film, ija yonga kabokosi, ya miyendo yotalikirana 5mm. Yolembedwa 104 ndi 100nF, 473 ndi 47nF, 222 ndi 2.2nF. Ikachepa imadula besi. Mu pedal yotchedwa Tube Screamer, 47nF pamodzi ndi rezisita ya 4.7k ndizo zimachepetsa mawu a pansi pa 720Hz. Mukafuna besi wonenepa, ikanipo 100nF. Zija za pepala ndi mafuta zodula kwambiri zisiyeni, pa 9V ndi kutaya ndalama chabe.

Tating'ono ta ma pF, monga 51pF, tikhale ta ceramic ya C0G kapena NP0. Za X7R ndi Y5V zimatola kugogoda ngati maikolofoni, ndipo fuzz, pedal yokweza mawu mpaka kusasa, imakulitsa phokosolo.

Pamene ambiri amagwa mpa electrolytic, makapasita okhala ndi plus ndi minus. Mbali ya mzere ndi minus, mwendo wautali ndi plus. Mu pedal yotchedwa Fuzz Face ya matransista a mtundu wa PNP, ground ndiye plus. Choncho 22µF ilozetse plus yake ku ground, ndipo 2.2µF yolowera ilozetse plus kwa gitala, minus ku base ya transista yoyamba. Mukatengera dayagiramu ya NPN, zonse ziwiri zikhala chotembenuka. Sikuti ziphulika pomwepo ayi. Zimayamba kudutsitsa DC pang'onopang'ono, bias (voteji yomwe transista imagwirira ntchito) imasuntha, mawu amatuluka modukaduka. Munthu amatha kusintha matransista abwinobwino vuto lili apa. Mukakayika, yatsani pedal, yezani ndi mita mbali zonse ziwiri: plus ipite kumene voteji yakwera. Kapasita ya tantalum ndiye siikhululuka n'komwe, ikatembenuka imachita shoti.

Yosefa magetsi ikhale 100µF ya 25V, osati 10V, poti maadaputa otchipa olembedwa 9V amatha kutulutsa 12V kapena kupitirira. Pa 18V ikani ya 35V. Pambali pake onjezani ceramic ya 100nF. Apa X7R ilibe vuto.

Zozula m'mawailesi akale: film tengani, electrolytic tayani, zimauma. Za m'mapaketi opanda dzina ziyezeni kaye, kenako wotchererani.