Kapemphedwe ka viza yokacheza ku Britain

Mmalawi wofuna kukaona abale kapena kukachita nawo msonkhano ku Britain amafunika viza yotchedwa Standard Visitor. Imalola kukhalako mpaka miyezi 6, koma siyilola kukalembedwa ntchito.

Fomu imalembedwa pa intaneti, pa tsamba la GOV.UK, ndipo mutha kupempha kutatsala miyezi 3 kuti munyamuke, osati kale kuposa apo. Mukalipira, sankhani tsiku lokaonekera kumalo olandirira mapempho ku Lilongwe, komwe amajambula nkhope ndi zidindo za zala. Yankho nthawi zambiri limabwera pakatha masabata 3, choncho tikiti ya ndege iyambe yadikira.

Ambiri amagwa pa nkhani ya ndalama. Woona pempho amafuna kukhutira kuti mudzadzilipirira ulendo komanso kuti mudzabwerera kwanu. Sitetimenti ya kubanki igwirizane ndi malipiro omwe mwalemba pa fomu. Ndalama zambiri zolowa mwadzidzidzi ulendo utayandikira, zobwereka kwa achibale kuti akaunti ioneke yonona, zimangodzutsa chikaiko. Ngati munagulitsa fodya kapena galimoto, ikani umboni wake. Onjezani kalata ya abwana yonena za tchuthi chanu. Ngati wina akukulipirirani, alembe kalata yofotokoza ubale wanu, aikenso umboni wa ndalama zake.

Chikalata cha m'Chichewa chimasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wosaina dzina lake. Ngati anakukanizanipo viza kwina kulikonse, nenani. Bodza kapena chikalata chachinyengo chingakutsekereni khomo mpaka zaka 10, ndipo akakukanizani, ndalama yomwe munalipira sibwezedwa.