Masipeya otchipa a chainsaw: werengani musanagule, werenganinso musanamange

Malangizo awa ndi a masipeya a mtengo wotsika a chainsaw, makina ochekera mitengo, amene amapezeka m'mashopu a ku Kamwala mu Lusaka, ku Chipata, ku Petauke ndi m'matauni ena. Pepala la m'bokosi limabwera m'Chingelezi. Apa laikidwa m'Chinyanja, ndipo pamene lalumpha zinthu zofunika ndaonjezapo zimene amakanika ndi ocheka matabwa amadziwa.

Pepalalo likuyamba motere: masipeya awa sanapangidwe ndi kampani imene inapanga makina anu. Dzina la Stihl kapena Husqvarna likaoneka pa bokosi, likungosonyeza makina amene sipeyayo ingalowemo. Musanayambe ntchito iliyonse zimitsani injini, chotsani waya wa pulagi, dikirani kuti makina azizire. Valani magolovesi pogwira tcheni.

Tcheni ndiye chimene anthu amagula kawirikawiri, ndipo ndi pomwenso ndalama zambiri zimatayikira. Kunena kwa wogulitsa kuti "ndifuna cha mainchesi 20" sikukwanira. Pali manambala atatu amene ayenera kugwirizana ndi makina anu, ndipo nthawi zambiri amadindidwa pa bar, chitsulo chachitali chija chimene tcheni chimayendapo, chakumbuyo pafupi ndi pomangira. Yoyamba ndi pitch, kutanthauza kutalikirana kwa mfundo za tcheni. Amapima kuchokera pa kamsomali koyamba kufika pa kachitatu, ndiye n'kugawa pawiri. Mudzaona .325, 3/8 kapena .404. Chenjerani, 3/8 ilipo ya mitundu iwiri, yaikulu ndi ya makina aang'ono, ndipo sizisinthana. Yachiwiri ndi gauge, kunenepa kwa timano tapansi timene timalowa mu ngalande ya bar, monga 1.3, 1.5 kapena 1.6 mm. Tcheni chochepa gauge chimagwedera mu ngalandemo n'kumacheka mokhota, ndipo chonenepa sichilowa n'komwe. Yachitatu ndi kuchuluka kwa timano tapansi tomweto. Makina ambiri ochokera ku China olembedwa 5200 kapena 5800 amabwera ndi .325, gauge ya 1.5 mm ndi timano 76 pa bar ya mainchesi 20, koma musadalire zimenezi. Nyamulani tcheni chakale, muwerenge timano pamaso pa wogulitsa.

Pepala likuti tcheni chatsopano chiyesedwe kukungika chikangocheka pang'ono. Pa tcheni chotchipa mawu amenewa muwatenge mwamphamvu, chifukwa chimatamuka msanga masiku oyamba. Chisalendewere pansi pa bar, koma chizitha kukokeka ndi dzanja lovala golovesi. Mukachikunga chili chotentha, chimasuleni pang'ono poweruka, popeza chikazizira chimafupika n'kukoka shafiti.

Chitsulo cha mano a matcheni otchipa nthawi zambiri ndi chofewa. Pa bulugamu kapena paini chimagwira ntchito ndithu, koma mukalowa m'mitengo youma ya mopane ya kuchigwa cha Luangwa mudzanola pafupipafupi. Yang'anani zimene zikugwa pansi. Tcheni chakuthwa chimataya tizibanthu tooneka bwino, chobuntha chimataya utuchi wosalala ngati ufa woyera, ndipo mumayamba kukanikiza ndi mphamvu zanu. Pamenepo imani, tengani tupa yobulungira: ya 4.8 mm pa .325, ya 5.5 mm pa 3/8 yaikulu, ya 4.0 mm pa 3/8 yaing'ono. Mano ambiri amanoledwa pa madigiri 30, onse ofanana kutalika. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo kamene kamaletsa dzinolo kuluma kwambiri, ndipo kayenera kukhala 0.65 mm pansi pa nsonga ya dzino. Ena amakapala mpaka kutha kuti makina azidya mtengo mofulumira. Chonde musatero. Makina otero amadumpha m'manja.

Siproketi, kagudumu ka mano kamene kamazungulitsa tcheni, isinthidwe mukamaliza matcheni awiri, kapena mukaona kuti yakumbika kupitirira 0.5 mm. Yakutha imaononga tcheni chatsopano. Siproketi yotchipa ilibe vuto lalikulu bola pitch igwirizane.

Pa pistoni ndi silinda ndi pamene kusiyana kwa mtengo kumakopa kwambiri, chifukwa ya orijino imadula kangapo kuposa yokopera. Pepala likungoti mangani monga mwa buku la makina anu, basi. Zotsatirazi ndi zoonjezera. Pimani kukula kwa pistoni yakale. Ya 5200 ndi 45 mm, ya 5800 ndi 45.2 mm, ya Stihl MS 381 ndi Husqvarna 272XP ndi 52 mm, koma ngakhale ziwirizi zili ndi nambala imodzi, ya makina ena silowa pa ena. Silinda yatsopano muiunike mkati ndi tochi muli m'shopu momwemo. Pitirizani chala m'mphepete mwa mabowo, ndipo mukamva pakuthwa kapena mukaona utoto wachitsulo wamkatimo ukusupuka, ibwezeni. Kunyumba itsukeni ndi petulo, chifukwa zina zimabwera ndi tizitsulo ta kufakitale. Kamuvi ka pamwamba pa pistoni kaloze kotulukira utsi. Timawaya tiwiri togwira pini ya pistoni tikhale m'malo mwake mpaka mutamva kuti talowa. Kamodzi kakafwamphuka injini ikuyenda, silinda yonse yatha.

Ndipo musanamange, funsani kuti yakale inapsa chifukwa chiyani. Ngati ma seal a shafiti akulowetsa mpweya, kapena sefa ya mpweya inang'ambika n'kumalowetsa fumbi, yatsopano idzapsanso, kaya ndi yotchipa kaya yodula. Ambiri amadzudzula sipeya pomwe vuto linali petulo. Makina a Stihl ndi Husqvarna amafuna 50:1 pogwiritsa ntchito oyilo wabwino wa 2-stroke, kutanthauza 100 ml pa malita 5 a petulo. Makina ambiri a ku China amalembedwa 25:1, ndiye 200 ml pa malita 5. Tsatirani buku la makina anu, pimani ndi kabotolo ka manambala, osati ndi maso. Oyilo wa galimoto asalowe m'petulo, ndipo wakuda wochotsedwa mu injini asathiridwe ku tcheni, amapha pampu ya oyilo wa tcheni.

Kabureta yatsopano imabwera ndi tizomangira tolembedwa L ndi H, ndi kena ka liwiro la injini ikamangolira osacheka. Kutseka H kwambiri kumachepetsa petulo, injini n'kumalira mokweza mosangalatsa khutu, koma mkatimo pistoni ikuuma. Ngati simunazolowere, mupatseni makanika. Mpata wa pulagi pa makina ambiri ndi 0.5 mm.

Chingwe cha sitata, zotsekera matanki, manati a bar, sefa ya mpweya: izi gulani zotchipa osadandaula.

Buleki ya tcheni ndi nkhani ina. Nsonga ya bar, chakumtunda kwake, ikakhudza nthambi kapena ikapanidwa, makina amabwerera m'mwamba kulunjika kumaso kwa wocheka mofulumira kuposa mmene munthu angazindikirire. Pepala limatcha zimenezi kickback. Choimitsa tcheni nthawi imeneyo ndi lamba wachitsulo wozungulira dramu ya kilachi, pamodzi ndi sipuling'i yake ndi chogwirira cha kutsogolo. Ine ndikupemphani kuti pa zitatuzi mugule za orijino ngati zikupezeka, ngakhale muchedwe kubwerera kuntchito. Mukamanga yesani: lizani makina, kankhani chogwiriracho ndi kumbuyo kwa dzanja lamanzere osasiya chigwiriro, tcheni chiime nthawi yomweyo. Chikapitiriza kuzungulira ngakhale pang'ono, makinawo asapite kuthengo. Chisoti, zoteteza maso ndi makutu, ndi majombo olimba muzivala nthawi zonse.

Kumapeto pepala likuti kampani siidzabweza ndalama pa sipeya yoonongeka chifukwa chomanga molakwika kapena kusakaniza petulo molakwika. Komabe sungani lisiti, ndipo wogulitsa alembepo dzina la sipeya ndi mtundu wa makina. Ngati sipeya inali yoonongeka kale pogula ndipo shopu ikukana kukuthandizani, mukhoza kukadandaula ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe la boma la Zambia loteteza ogula. Odula mitengo yogulitsa akumbukirenso kuti lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo cha a Forestry, ndipo mungafunse ku ofesi yawo ya m'boma lanu musanayambe kucheka.