Mmene wophunzira wa kukoleji angasanthulire chikhulupiriro chake

Wophunzira akangofika kukoleji, kaya ku Zomba kapena ku Mzuzu, amapeza kuti Lamulungu m'mawa palibenso mayi womudzutsa kuti apite kutchalitchi, ndipo amayamba kudzifunsa ngati chikhulupirirocho ndi chakedi kapena ndi cha makolo ake.

Ngati zili choncho kwa inu, yambani ndi Uthenga Wabwino wa Marko, womwe uli ndi mitu 16 yokha, ndipo muziwerenga mutu umodzi m'mawa uliwonse musanatsegule WhatsApp. Chichewa cha m'Buku Lopatulika chikakulemerani, yerekezani ndime yomweyo ndi Buku Loyera, lomwe linatuluka mu 1998 m'mawu osavuta kumva. Khalani ndi kope lakelake, osati la manotsi a m'kalasi, loti muzilembamo mafunso onse, ngakhale amene mukuchita nawo manyazi, monga aja amakutsalirani m'mutu mphunzitsi wa filosofi akatuluka.

Mafunsowo musafe nawo nokha. Pitani nawo kumisonkhano ya SCOM (bungwe la ophunzira achikhristu m'Malawi), kwa abusa kapena kwa ansembe, koma mlaliki aliyense, atchuke chotani, muziyesa mawu ake ndi Malemba monga ankachitira anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11. Amene amapsa mtima akafunsidwa, ine ndimamukayikira. Nthawi ya mayeso chepetsani ndime zowerenga, koma musalekeretu.